Za Kampata ka pa Mphete ya Pisitoni

Nkhani imene ndifuna kukuuzani mwezi uno ndi ya kanthu kakang'ono ndithu, kosafika ngakhale pa kuchindikala kwa chikhadabo cha munthu. Kapena ena adzati, "Kodi zazitsulo zilowa bwanji m'masamba amene tizolowera kuwerengamo za Mpingo?" Koma ndikupemphani kuti mundilezere mtima kufikira kumapeto, pakuti kanthu kameneka kanatsala pang'ono kutayitsa moyo wa mwana wa eni, ndiponso kanandiyesa ine mwini, ngati ndili munthu woona kapena wonyenga.

Ine ndakhala zaka zambiri ndili kukonza njinga zopalasa patsinde pa mtengo wa mango, pafupi ndi msika wina kuno kwathu ku Phalombe. Pa ntchito imeneyo lamulo lalikulu ndi limodzi: kanthu kasagwedere. Sipoko ikakhwepa uikunga, kotapini ikagwedera uikhoma, handulo ikasewera uimanga. Mwini njinga akabwera kudzaitenga aigwedeza uku ndi uku, ndipo akaona kuti palibe cholira, ati, "Apa pagwira mmisiri." Chotero mtima wanga unaphunzira kudana ndi mpata uliwonse pakati pa chitsulo ndi chinzake, ndipo ndinayesa kuti kuthina ndiko ubwino wa ntchito.

Tsono m'zaka zapitazi mithuthuthu, imene ana a lero aitcha njinga zamoto, yachuluka m'dziko mwathu. Yambiri ndi yopangidwa ku China, ndipo ina ilowa kudzera kwa anansi athu a ku Mozambique. Pitani pa Migowi, pa Chiringa, kapena pa boma pa Phalombe tsiku la msika, mudzaona anyamata a kabaza atandanda ndi njinga zao, ali kudikira wokwera. Izo ndizo zinyamula nandolo ndi mpendadzuwa kunka kumsika, nsomba kuchokera ku Chilwa, ndi odwala kunka kuchipatala. Poona kuti anthu ali kusiya njinga zopalasa, inenso ndinayamba kugwira zamotozo. Sindinalowe sukulu yake iai. Ndinaphunzira ndi maso, poonerera anzanga, ndipo pofunsa ndinali ndi manyazi, popeza iwo anali ana kwa ine.

Kuti amene sanaonepo m'kati mwa injini amve bwino, ndiyambe ndalongosola mamangidwe ake. Muli chibowo chosalala chonga mtondo, dzina lake silinda. M'menemo muyenda pisitoni, kukwera ndi kutsika monga munsi, koma mofulumira kotero kuti ichita maulendo zikwi zingapo pa mphindi imodzi. Pamwamba pa pisitoni ndipo papsa petulo wosakanizika ndi mpweya, ndipo mphamvu ya moto umenewo ndiyo ikankha pisitoni pansi ndi kuzunguza gudumu. Koma pisitoni siingathe kudzaza silinda kotheratu, pakuti ikatero siyenda. Chifukwa chake anaizokotera timizere m'mbali, naikamo mphete zachitsulo, zimene amakaniko azitcha maling'i. Ziwiri zapamwamba zitsekereza moto kuti usathawire pansi, ndipo yachitatu ipalasa oyilo pakhoma kuti asakwere kukapsa. Mphete iliyonse ndi yodula pamalo amodzi, kuti ithe kutanuka ndi kukanikiza khoma la silinda. Ikalowa m'silinda, nsonga zake ziwiri ziyandikana, koma pakati pao patsala kampata. Kampata kameneko ndiko mutu wa nkhani yanga.

Mwana wa mlongo wanga anagula njinga yamoto yogwirapo kale ntchito, ya injini ya 125. Ndalama zina zinali za nandolo wa amai ake, zina anakongola ku gulu la banki ya m'mudzi, nalonjeza kubweza mwezi ndi mwezi. Itayenda chaka chimodzi m'fumbi la misewu yathu, inayamba kufuka utsi wobiriwira ndi kumwa oyilo, ndipo pachitunda inali kulefuka. M'mwezi wa Okutobala, chaka cha 2022, anadza nayo kwa ine nati, "Amalume, ndithandizeni, ndikaipereka kwa ena adzandidula, ndipo ngongole ili pakhosi." Ndinavomera ndi mtima wonse, pakuti mwana wa mlongo wako ndiye wako.

Nditamasula injini ndinagula mphete zatsopano za muyeso wake woyamba, ndipo poika imodzi m'silinda ndinaona kuwala kuli kupyola pakati pa nsonga zake. Mtima wanga wa njinga zopalasa unanyansidwa, ndinati, "Apa ndipo pathawira mphamvu." Ndinabwerera kwa wogulitsa ndi kusinthitsa, nditenga zokulirapo, zimene papaketi pake panalembedwa 0.25. Izo zinakana kulowa. Pamenepo ndinatenga tupa ndi kuyamba kupala nsonga pang'onopang'ono, kufikira mphete inalowa, nsonga zake zitagundana monga milomo ya munthu wotseka pakamwa. Ndinaiyang'ana padzuwa, kuwala kosaoneka konse, ndipo ndinakondwera ndi luso langa. Titamanga zonse, kiki inali yolimba kuponda. Mnyamatayo anati, "Amalume, bwanji yalemera chotere?" Ine ndinayankha monyada kuti, "Imeneyo ndiyo mphamvu, mwanawe. Wagula yatsopano lero." Inalira bwino, utsi unaleka, ndipo masiku awiri anayenda nayo maulendo aafupi a m'mawa popanda chovuta.

Tsiku lachitatu anali ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri. Kumeneko mai wina anali ndi mwana wodwala malungo aakulu, ndipo anamuuza kuti afulumire naye kuchipatala chachikulu. Njira yachidule yochokera kumeneko kudza ku Phalombe ipyola pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pamene Angerezi anamanga linga la Fort Lister m'chaka cha 1893 kuti atseke njira ya ogula akapolo. Amene anapitapo adziwa kuti ndi chitunda chachitali cha miyala, chimene njinga ikwera ndi giya yoyamba, injini ili kubangula, mphepo yoiziziritsa ili yochepa. Inali nthawi ya masana, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Asanafike pamwamba, injini inayamba kulemera monga ngati munthu ali kuikoka kumbuyo, kenaka inalira kamodzi ngati mbale yosweka, niima. Kiki inauma gwa, yosatsika ngakhale aiponde ndi thupi lonse. Maiyo sananene kanthu. Anamanga mwana wake kumbuyo nayamba kukwera pansi. Anayenda nthawi yaitali m'dzuwa lija, mwana ali kutentha ngati mbaula, kufikira njinga ina inawapeza niwatenga. Mulungu anachita chifundo, mwanayo anafika ali moyo, ndipo anachira. Koma zimenezi tinazimva patapita masiku atatu, ndipo masiku amenewo ine nsima sinali kutsika.

Njinga anaibweretsa chokankha. Potsegula tinapeza mphete yapamwamba yathyoka patatu, chidutswa china chitalowa m'mbali mwa pisitoni, ndipo khoma la silinda, limene liyenera kusalala ngati galasi, linali ndi mizere yakuya monga munda wopita ndi pulawo. Mnyamatayo anakwiya nati, "Amalume, wogulitsa uja watipatsa maling'i achinyengo. Ndikamuyalutsa pamsika, anthu onse amve." Anzake a kabaza anavomereza, pakuti nzoona kuti zitsulo zosalimba zilipo m'misika. Ine ndinakhala chete. Mumtima ndinali kukayika, koma kukhala chete kunandikomera, chifukwa mlandu unali kupita kwa wina.

Kufupi ndi kwathu kuli nkhalamba ina, mkulu wa mpingo, amene pa unyamata wake anagwira ntchito ku Limbe m'nyumba yokonzera masitima. Madzulo ena ndinakulunga zidutswa zija m'kansalu ndi kupita nazo kwa iwo, monga Nikodemo, anthu asakuona. Anavala mandala ao, natenga zidutswa ziwiri za kunsonga, naziyandikiza ku nyali. Anati, "Mwana wanga, taonani apa. Nsonga izi zili kunyezimira ngati ndalama yatsopano. Chazipukuta nchiyani?" Ndinati, "Kaya, abambo, kapena ndi tupa." Iwo anati, "Iai, tupa lisiya timizere. Izi zapukutana zokha, pokankhana. Kodi munasiya mpata wotani?" Ndinayankha kuti sindinasiye mpata uliwonse, ndipo ndinayembekeza kuti adzanditama. Koma anapukusa mutu nati, "Kodi simunamve malata a tchalitchi ali kulira thethethe dzuwa likakwera, popanda munthu wowakhudza? Kodi pa Luchenza simunaone kuti pamene njanji ikumana ndi inzake amisiri anasiyapo mpata? Muyesa anaperewera chitsulo? Chitsulo chikatentha chitalika. Mukachimana malo otalikira, chidzadzifunira chokha, ndipo podzifunira chiswa nyumba yake."

Pamenepo anatenga pensulo nandiwerengera. Silinda ya injini ya 125 ya mtundu umenewu ndi yotambalala mamilimita 56.5. Mphete yozungulira m'menemo, mukadaiwongola, ikadatalika mamilimita 177. Mphete ikhala pafupi ndi moto, ndipo silinda iziziritsidwa ndi mphepo ya kunja. Chotero mphete itentha kuposa khoma limene ikhalamo. Ikaposa khomalo ndi madigiri 100, italika pafupifupi mamilimita 0.2 kuposa malo ake. Kutalika kumeneko kulibe kwina kopita koma kukampata kaja. Kampata kakatha, nsonga zigundana, mphete ikankha khoma ndi mphamvu yoopsa, ipala oyilo yense amene anali kutetezera, chitsulo chikhuzana ndi chitsulo, kutentha kuonjezeka, ndipo mpheteyo, pokhala ya chitsulo chonga cha miphika ya miyendo itatu, cholimba koma chosapindika, ithyoka. Ndicho chifukwa chake masiku awiri a maulendo aafupi a m'mawa sanaonetse kanthu. Cholakwa changa chinali kudikira chitunda ndi dzuwa.

Masiku otsatira anandiphunzitsa kayesedwe kake, ndipo ndikulemba pano kuti anyamata athu amene agwira ntchito imeneyi asadzere njira yanga. Poyamba tsukani silinda, isakhale ndi mwaye kapena mchenga. Ikani mphete imodzi yokha m'silinda, yopanda pisitoni. Tsono tengani pisitoni, muizondotse, ndi kukankha nayo mpheteyo kuti itsike molingana mbali zonse. Pakuti ikapendekeka, kampata kadzanama. Muitsitse kufikira chakumunsi, kumene khoma silinadyeke kwambiri, chifukwa kumeneko ndiko kothina, ndipo mphete iyenera kupitako bwino. Kenaka yesani kampata ndi timalilime tachitsulo topyapyala timene amakaniko atitcha fila geji. Kalikonse kali ndi nambala yake. Kalilime kamene kalowa mokhuza pang'ono, kosakakamiza ndiponso kosagwedera, ndiko kanena muyeso. Mabuku a injini za 125 za mtundu uwu atchula mpata wa pakati pa mamilimita 0.15 ndi 0.35 pa mphete ziwiri zapamwamba. Buku la injini yanu likakhalapo, mverani ilo. Likasowa, amisiri ali ndi lamulo lakale: pa mamilimita 25 alionse a kutambalala kwa silinda, siyani mpata wa mamilimita 0.1. Chotero kainjini ka 50, kamene silinda yake ili ngati mamilimita 39 kapena 40, kafuna mpata wonga 0.15, ya 110, ya mamilimita 52.4, ifuna wonga 0.2.

Ndinati kwa mkuluyo, "Nanga wosauka wopanda fila geji atani?" Anaseka natulutsa lezala lakale lija lakuthwa mbali ziwiri, nati kuchindikala kwake kuli pafupi ndi mamilimita 0.1. Pa injini ya 125, lezala limodzi lilowe momasuka, awiri ophatikiza alowe mokhuza, koma anai akalowa, mpata wakula. Anaonjeza kuti, "Ichi nchothandizira pa tsoka chabe. Munthu amene adya za ntchito imeneyi agule chipangizo chake. Mtengo wake sufika pa mtengo wa silinda imodzi imene mwaononga."

Mpata ukachepa, upalidwa ndi katupa ka mano aang'ono. Palani nsonga imodzi yokha, kuti inzake ikhale chitsanzo cha kuwongoka. Dzanja liyende kuchokera kunja kwa mphete kulowa m'kati, kuti chonyezimira chimene anakutira kunja chisasupuke. Palani kawiri kapena katatu, pukutani, bwezerani m'silinda, yesaninso. Pakuti chitsulo chimene mwachotsa simungachibwezere. Mukatha, chotsani timinga totsala m'mphepete, ndipo poyang'ana padzuwa nsonga ziwirizo zikhale zopenyana bwino, osati zotseguka kumwamba ndi kutsekeka kunsi. Mphete iliyonse iyesedwe payokha, ngakhale zonse zatuluka m'paketi imodzi yosatsegula. Musanaziveke pa pisitoni, kokotani mwaye m'timizere ndi chidutswa cha mphete yakale. Mbali ya mphete imene ili ndi kachilembo ipenye kumwamba. Ndipo mipata isakhale pamzere umodzi ngati zitseko zopenyana. Muigawe mozungulira pisitoni monga mafuwa atatu a pamoto. Injini ikamangidwa, masiku oyamba iyende mofatsa, yosasenza katundu wolemera, ndipo oyilo woyamba asakhalitse.

Tsono wina angati, "Ngati kuthina kuli koopsa chotere, tiyeni tisiye mpata waukulu." Nzoona kuti pa zolakwa ziwirizi, kukula kwa mpata ndiko kopepuka, pakuti sikuswa injini tsiku limodzi. Koma nakonso kuli ndi mtengo wake. Moto uthawira pansi nudetsa oyilo, njinga ivuta kuliza m'mawa, ilefuka pachitunda, ndipo petulo atha msanga. Komanso apa mpamene ndinaphunzira chinthu chimene chinandichititsa manyazi koposa. Kuwala kuja ndinakuona pa mphete zoyamba sikunali kulakwa kwa mphete iai. Kunali umboni wakuti silinda yadyeka. Pakuti khoma likadyeka, silinda nikula ndi mamilimita 0.1, mpata wa mphete ukula katatu ndi pang'ono, ndiwo mamilimita 0.3. Kampata kanali kundiuza zoona, ine ndinakatseka pakamwa. Mankhwala ake a silinda yodyeka ndiwo kuipereka kwa a makina kuti aikulitse bwinobwino kufikira muyeso wotsatira, 0.25 kapena 0.50, ndi kugula pisitoni ndi mphete za muyeso womwewo pamodzi. Kapena kugula silinda yatsopano ndi pisitoni yake. Kuika mphete zazikulu m'silinda yakale kuli ngati kuveka mwana nsapato za atate ake ndi kudula kuchidendene. Ndipo chimene chidya silinda kuno kwathu ndi fumbi; wosamala sefa ya mpweya ndi kusintha oyilo pa nthawi yake achedwa kufika pa zonsezi.

Palinso mtundu wina wa injini zazing'ono, zimene oyilo wake apsa pamodzi ndi petulo, monga timithuthuthu tina ta 50 ndi njinga za Yamaha DT zimene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo anayenda nazo zaka zambiri m'midzi yathu. M'silinda ya zimenezo muli mazenera m'khoma, olowera ndi otulukira mpweya. Chifukwa chake m'kamzere ka pisitoni anakhomamo kamsomali kakang'ono, kuti mphete isazungulire ndi kukola nsonga yake pazenera. Pomanga, mpata wa mphete ukhale pa kamsomali pomwepo. Silinda ikakana kutsika, musaimenye. Mphete yakwera pa kamsomali, ndipo mukakakamiza ithyoka isanagwire ntchito ndi tsiku limodzi lomwe.

Pambuyo pake ndinamva mbiri ya kanthu kameneka, ndipo inanditonthoza pang'ono. Mphete yodula yotere anaitulukira Mngerezi wina, John Ramsbottom, mmisiri wa masitima a pamtunda, m'chaka cha 1852. Nzeru yake inali yomweyi, yakuti mphete ikhale yodula, ikanikize khoma ndi kutanuka kwake kwa iyo yokha. Ndipo ku Japan, Soichiro Honda, amene dzina lake lili pa njinga zambiri, asanayambe kupanga njinga anayamba ndi mphete za pisitoni, m'chaka cha 1937. Iyenso anayesa kuti nkanthu kapafupi. Koma pa mphete 50 zimene anapereka kwa a Toyota kuti aziyese, zitatu zokha ndizo zinalandiridwa. Munthuyo, ngakhale anali kale mmisiri wodziwika wokonza magalimoto, anadzichepetsa napita kukakhala pansi m'sukulu ya zaumisiri ku Hamamatsu, kuti aphunzire makhalidwe a chitsulo. M'chaka cha 1948 anakhazika kampani ya Honda. Mu 1958 anatulutsa kanjinga ka Super Cub, kamene pofika 2017 anali atapanga topitirira 100 miliyoni. Ndipo mu 1975 inatuluka CG125, imene mamangidwe a injini yake atsanziridwa m'njinga zambiri zimene anyamata athu ayendetsa. Ngati munthu wotere anabwerera kukafunsa, ine ndine yani kuti ndichite manyazi? Akulu anati safunsa anadya phula.

Koma kudziwa kayesedwe sikunathetse mlandu wanga. Mnyamata uja anali atayamba kale kunena pamsika kuti wogulitsa uja ndi wakuba, ndipo ena analeka kugula kwa iye. Mkulu uja sanandikakamize, anangoti, "Inu mwadziwa tsopano. Chimene muchite nacho nchanu." Tsiku la Sabata ndinakhala m'tchalitchi, malata ali kulira pamwamba panga pamene dzuwa linali kukwera, ndipo sindinamve ulaliki, koma kulira kwa malata kokha. Lolemba m'mawa ndinaitana mnyamatayo pamodzi ndi amai ake, ndinayala zidutswa zija pamphasa, ndi kuwaonetsa nsonga zonyezimira. Ndinati, "Mwanawe, maling'i analibe chifukwa. Wolakwa ndine, ndinatseka pamene pafunika kutseguka, ndipo ndinakuuza kuti kulemera kwa kiki ndi mphamvu, pamene sindinali kudziwa." Iye anawerama nthawi yaitali, nati, "Amalume, mukadakhala chete sindikadadziwa." Ndinati, "Ndicho chifukwa chake ndanena." Mlongo wanga sanandidzudzule, anangofunsa kuti, "Nanga ngongole ya mwezi uno, achimwene?" Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, ndi kugula silinda yatsopano ndi pisitoni yake, ndi fila geji, ndipo chotsala chinapita ku ngongole. Kenaka tinapita tonse awiri kwa wogulitsa uja, tsiku la msika, ndipo tinapepesa pamaso pa anthu, popeza pamaso pa anthu ndi pamene tinamunyoza. Kwa mai wa mwana uja ndinapita ndekha ndi nkhuku. Anailandira, koma anati, "Bambo, ife okwera sitiona za m'katimo. Tikhulupirira inu." Mau amenewo sanandichoke kufikira lero.

M'mwezi wa Malichi, chaka cha 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'mapiri athu, monga napolo wa ku Michesi anachitira mu 1991, ndipo abale athu ambiri anatisiya, makamaka mbali ya ku Nkhulambe komweko. Milatho itakokoloka, njinga zamoto ndizo zinali kufika kumene galimoto inalephera. M'miyezi yotsatira zinadza kwa ine injini zambiri zomwa matope, eni ake ali pachangu, aliyense ali kuti, "Mangani msanga, bambo, anthu ali kudikira." Koma panalibe imodzi imene ndinaitseka ndisanayese mphete zake imodzi imodzi. Ena anadandaula kuti ndichedwa, ndipo ndinawauza za chitunda cha Fort Lister. Kuthamanga sikufika.

Tsono abale anga, inu amene mugwira ntchito zobisika, zimene mwini wake sangathe kuziona mutatseka, kaya ndi injini, kaya ndi maziko a nyumba, kaya ndi msoko wa m'kati mwa chovala, kumbukirani kuti pali munthu amene adzaika moyo wake pa chimene mwabisacho. Nzeru ya ntchito imodzi musaiyese nzeru ya ntchito zonse. Ine ndinatenga lamulo labwino la njinga yopalasa ndi kuononga nalo injini. Yesani pamene chitsulo chili chozizira, pakuti chikatentha nthawi yoyesa yapita. Ndipo inu eni njinga, mukapereka injini kwa mmisiri, musachite manyazi kumufunsa kuti, "Kodi mpata wa maling'i mwauyesa? Mwapeza wotani?" Mmisiri woona adzakondwa ndi funso limenelo, nadzakuonetsani ndi maso anu. Njinga ya mwana wa mlongo wanga ili kuyendabe, ndipo ngongole inatha. Zidutswa zitatu za mphete ija ndinazisunga m'kachitini pamodzi ndi fila geji, kuti pamene nditenga chimodzi ndione chinzake.